Njinga Yokwera Ndege

Lolemba, 14 Julayi

Ndayamba! Oseka aseke.

Ndikulemba m'kope lakale la mwana wanga Tiya, m'masamba otsala kumapeto, kuti mawa munthu wa mu Ndirande muno asadzanene kuti nzeru anandipatsa ndi iye.

Nkhani ili chonchi. Sabata yatha ndinali ku Kanjedza kukonza geti ya a Kaputeni Gondwe, mayi wa ku Rumphi amene amaulutsa kandege konyamula madokotala kupita kumadera akutali. Vuto lawo ndi limodzi. Ndege imatera pabwalo la udzu, chipatala chili ola lathunthu wapansi, dokotala amafika atatopa kuposa odwala. Kunja akuti kuli tinjinga topinda: utsegule, upalase, upinde, uponye mundege. Anandionetsa pafoni. Koma kuitanitsa chinthu kunja masiku ano ndi nkhani ina.

Pakamwa panga, osandifunsa ine mwini wake: "Chimenechi? Ndingapange."

Malamulo a a Kaputeni ndi atatu:
1. Isapyole makilo 15. Akuti mundege kilo iliyonse amaidziwa ndi dzina.
2. Ikapindidwa ilowe pakakhomo ka katundu. Muyeso anandipatsa, ndadula khomo lofanana ndendende pakatoni.
3. Inyamule dokotala mmodzi ndi chikwama chake. Basi.

Loweruka 10 koloko ndikaionetse kubwalo la ndege ku Chileka. Ikapambana akufuna zina zinayi, ndipo kumene amakonzera ndege kukufunika munthu wa zitsulo. Ntchito ya ovolosi yokhala ndi dzina pachifuwa!

Lamulo lachinayi ndi la mayi a Tiya. Chigwetsereni shedi yanga pokulitsa msewu, ndimawotcherera pakhonde, geti imodzi pamwezi. Iwo atopa. "Julayi akatha popanda ntchito yooneka, tikupita kwathu ku Phalombe. Munda ulipo." Ndinavomera mu Meyi pamaso pa ankhoswe, ndikuona ngati Julayi ali kutali.

Ine chikamwini? Pa zaka 48? Ine wobadwira kuseri kwa msika wa Ndirande, amene khasu ndimalidziwa pongoliwotcherera likathyoka? Sindipita.

Zalero: felemu ya mapaipi opyapyala, mateyala a njinga ya ana, hinjesi ya zenera pakati. Ndapita nayo kwa a Zitsulo, ogula zitsulo zakutha kumunsi kwa mlatho, poti sikelo yapafupi ndi yawo. Makilo 9! M'manja ikumveka yolemerako, koma mikono yanga yakalamba, sikelo ilibe nyamakazi.

Ndatumiza chithunzi kwa a Kaputeni. Yankho: "Yakongola, amisiri. Musaonjezerenso kanthu."

Lachiwiri, 15 Julayi

Ikupinda! Katatu basi: chishalo pansi, handulo chammbali, pakati khwapu! Yandiluma chala kawiri, koma ikupinda. Pakhomo la katoni ikudutsa mpaka malo kutsalako.

Ndaipalasa kuzungulira mjigo. Azimayi onse asiya zidebe kuti aone. Mawondo akugunda chibwano, koma dokotala ndi munthu wophunzira, adzapeza pomwe angawaike.

Mayi a Tiya aizungulira kawiri, manja kumbuyo ngati wapolisi wa pamsewu. "Njinga yopanda kaliyala ndi chidole."

Ndawauza kuti iyi si ya kuchigayo, ndi ya mumlengalenga. Apita kukatsuka mbale, ndipo mbalezo zalira kuposa masiku onse.

Koma ndaganiza pandekha, osati chifukwa cha iwo. Dokotala akachiza mwana kumudzi, makolo amupatsa chiyani? Nkhuku. Maungu. Mzimbe wautali ngati mlongoti. Akane? Kukana mphatso ndi mwano, ngakhale uli ndi madigiri. Azungu amene anapanga tinjinga ta pafoni tija sanapatsidwepo dzungu, n'chifukwa chake anaiwala kaliyala. Ine ndikukonza cholakwa chawo.

Ndili ndi makilo 6 ongokhala. Ndiwasungire ndani?

Kaliyala ndayamba ndi waya. Mayi a Tiya atulukira ndi thumba lopanda kanthu la makilo 50, aliyala pamwamba. "Mukulitseko pang'ono, bambo a Tiya. Ndipo wayayo apinda, ikani chitsulo chenicheni." Koyamba chaka chino kuti alowerere pa ntchito yanga! Mtima wanga wasungunuka. Ndaika chitsulo cha mabagala ba, chija chosagonja kwa akuba.

Kwa a Zitsulo: makilo 11. Iwo akuti, "Bigi, mukadzatopa nayo mudzabwere nayo kuno." Mwano!

Che Jafali, telala woyandikana nane, avomera kusoka chikwama chosungiramo njinga. Poyeza ndi tepi yawo ainyamula pang'ono, n'kuiika pansi msanga. "Achimwene, bwanji osakaiyezanso pena?" Ndawafunsa ngati ine ndimawauza kasokedwe ka kolala.

Lachitatu, 16 Julayi

Chiperoni. Phiri la Ndirande silikuoneka, ndipo bwenzi zili bwino alendo enanso akanapanda kuoneka.

Afika amalume awo a mayi a Tiya, eni mbumba, kuchokera ku Phalombe. Jekete, chipewa, ambulera. Abwera kudzaona "ngati katundu ndi wambiri". Katundu wa ndani? Mwezi sunathe!

Zimene abweretsa:
nandolo,
chinangwa,
nkhuku imodzi yoyang'ana mwachipongwe,
khasu latsopano, mpini wosalala, lokulungidwa mu nyuzipepala.

"Ili ndi lanu, akamwini. Ndasankha lopepuka poti ndinu oyamba kumene."

Ndalandira ndi manja awiri, mawondo opinda, mano ndikukukuta. Ndaliika kuseri kwa chitseko, mutu pansi, lisandione.

Munthu uyu zaka 24 sindinakhalepo naye mphasa imodzi. Moni timapatsana patali, ine maso pansi, monga mwa mwambo. Koma njinga yawakoka. Aima pakhonde ola lonse akugwedeza mutu.

"Ndiye dokotala wanuyo akapeza mayi wodwala akuyenda wapansi, amudutse? Angomuimbira belu?"

Ndafuna kunena kuti lamulo lachitatu likuti munthu mmodzi. Koma ndaganizanso. Kudutsa wodwala uli pa njinga, dziko lake liti? Dokotala wotero angamutchule dzina loipa mpaka ku Nsanje. Ndipo sindilola kuti munthu wa ku Phalombe akanene kwawo kuti njinga ya mkamwini siinyamula anthu.

Zoonjezera lero:
zopondera wokwera kumbuyo,
kushoni ya pakaliyala (Che Jafali, nsalu yofiira ya mphonje),
masipoko onenepa a kabaza,
sitandi ya miyendo iwiri,
belu,
tcheni ndi loko, chifukwa dokotala akalowa m'chipatala njinga itsala panja, ndipo anthu ndimawadziwa.

Kwa a Zitsulo: makilo 13. Mwaona? Malo akadalipo! Kukafika nayo kumeneko ndapuma katatu, koma ndi chimfine cha chiperonichi.

A Kaputeni atumiza uthenga kufunsa ngati zonse zili bwino. Ndayankha kuti Loweruka adzadabwa.

Lachinayi, 17 Julayi

Sindikufuna kulemba. Koma ndilemba, poti mu Ndirande monse nkhaniyi ikuyenda yokhotakhota, ndipo pafunika pena pamene yalembedwa moona.

Amalume akuti akufuna kumsika kukagula mabatire a wailesi. Ine ndikufuna munthu woyesera kaliyala. Mayi a Tiya akuti, "Tengananitu." Ndiye tatengana. Iwo kumbuyo pa kushoni yofiira, ambulera pamiyendo, manja atagwira chitsulo kuti asandikhudze.

Potsetsereka ikuyenda ngati ndege yomwe. Mphepo m'makutu! Anthu akuimika zochita! Ndikuimba belu ngakhale kutsogolo kulibe munthu.

Kenako hampu ija ya pafupi ndi ogulitsa tomato.

Hinjesi ya zenera inapangidwira zenera. Ichi ndavomera. Njinga yakumbukira kuti ndi yopinda, ndipo yapinda ife tili momwemo. Teyala lakumbuyo labwera kudzapereka moni kwa lakutsogolo. Pamene ndimatsegula maso, ndili m'ngalande, amalume ali pachifuwa panga, mphuno yawo pa mphuno yanga, chipewa chawo pamutu panga. Zaka 24 za ulemu zathera pamenepo. Anadya chinangwa m'mawa, ndikudziwa tsopano.

Kutimasula kwafuna anthu atatu, poti njinga yatitsekera bwinobwino.

Zimene ndamva ndili chigonere:
Mayi wa tomato: "Lululu! Ukwati watsopano!"
Wakabaza wina: "Madala, imeneyo ndi njinga kapena msampha wa mbewa?"
Amalume, chapansipansi: "Akamwini, chotsani bondo."

Palibe wavulala, kupatula ambulera. Kubwerera tayenda wapansi, iwo tsidya lino la msewu, ine tsidya linalo, njinga paphewa. Kunyumba mayi a Tiya aluma chitenje kuti asaseke, koma mapewa awaulula.

Ndinene mosabisa: manyazi andigwira mpaka m'mafupa. Koma tiyeni tione bwino. Yapinda kapena sinapinde? Yapinda. Mwachangu? Mwachangu kuposa za pafoni zija. Chatsala n'choti izipinda mwini wake akafuna.

Ndaika bawuti pa hinjesi. Ikugwedera. Ndaika wachiwiri. Ikugwederabe, pang'ono, ngati dzino.

Khasu lija wina walichotsa kuseri kwa chitseko n'kuliimika poonekera. Ndalibwezera.

Lachisanu, 18 Julayi

Magetsi azima 6 koloko m'mawa. Lero lomwe!

Ndakhala pakhonde kuyang'ana babu. Amalume akhala pansi pa mpapaya kuyang'ana kwina. Mayi a Tiya akuchapa makatani, zinthu zimene sachapa popanda chifukwa.

3 koloko magetsi abwera. Mu Ndirande monse makina alira nthawi imodzi, aliyense akuthamangitsana ndi kuzima kwina. Ine ndati ndingodontheza kadontho kamodzi pa hinjesi kuti isiye kugwedera. Kamodzi kokha.

Koma manja awa zaka 27 aphunzira chinthu chimodzi: chogwedera chiwotcherere mpaka chisiye. Mutu ukuganiza za ovolosi ya ku Chileka, manja akugwira ntchito yawo. Pochotsa galasi kumaso, ndapeza mzere wokongola, wosalala, kuzungulira hinjesi yonse. Sindinawotchererepo bwino chonchi chibadwire.

Njinga yopinda siikupindanso.

Ndaikankha. Ndaikhalira. Che Jafali akoka kutsogolo, ine kumbuyo. Ngakhale kugwedera!

Kugonja? Ine? Ndadula felemu ndi gulayinda pafupi ndi pamenepo, ndaika hinjesi ina. Ulendo uno ya geti, ziwiri, ndi mpiringidzo wake. Iyi ngakhale amalume atakwera ndi mbumba yawo yonse siipinda yokha.

Ikupinda tsopano, ukaiponda ndi mwendo. Kungoti kaliyala akutulukira mbali imodzi, zopondera mbali ina, sitandi kumwamba. Yopinda ikuoneka yaikulu kuposa yotambasula. Chikwama cha Che Jafali chikungokwana chishalo ndi belu.

Pakhomo la katoni yakana kudutsa. Ndayang'anitsitsa katoniyo. Yanyowa ndi chiperoni sabata yonse, ndipo chinthu chikanyowa n'kuuma chimafota, aliyense amadziwa. Ndatenga mpeni ndalibwezera khomo mmene liyenera kuti linalili. Yadutsa.

Kwa a Zitsulo, ndikuikoka pawilibala: makilo 15 ndendende! Osapyola ngakhale ndi kadontho. Ndavina pamaso pa anthu. A Zitsulo akuiyang'ana njingayo ngati munthu woyang'ana mbuzi yonenepa.

Ndalengeza pakhomo kuti makatani abwerere m'mazenera. Mayi a Tiya: "Aume kaye."

Mawa, Phalombe adzandimva pa wailesi.

Loweruka, 19 Julayi

Kondakitala wa minibasi waiyang'ana kamodzi. "Madala, geti sitinyamula." Chabwino. Ndapalasa ndekha mpaka ku Chileka, malaya oyera, nsapato za ku tchalitchi. Pa zitunda ndatsika n'kumakankha. Makilo 15 a masiku ano ndi olemera.

Ndafika 10 koloko itadutsa pang'ono, thukuta mpaka m'masokosi. A Kaputeni andilandira pageti, andilowetsa m'chishedi chachikulu chokonzera ndege. Pansi poyera ngati m'chipatala. Sipanala iliyonse ili ndi msomali wake pakhoma. Ndaona pamene ndingapachike jekete langa.

Kandege kali pomwepo, koyera, kakang'ono kuposa minibasi.

A Kaputeni ayang'ana njinga. Ayang'ana foni yawo. Ayang'ananso njinga.

"Amisiri, ija munanditumizira chithunzi Lolemba ili kuti?"

"Ili mkati mwa iyi, bwana."

Sikelo yawo ndi ya manambala owala, imene amayezera anthu ndi katundu yemwe. Tainyamula awiri kuiika pamenepo.

24.5.

Ndati sikeloyo yafa. Akwerapo okha, yanena zoona. Aikapo chigubu cha madzi cha malita 20, yanena 20 ndi kakuti. Ndati mwina njinga yamwa chinyezi panjira.

Bambo wina wa ovolosi, amene amamanga mabawuti pa phiko, wafunsa kumene ndimayezera. Ndamuuza. Waika sipanala pansi.

"Kwa a Zitsulo? Kumunsi kwa mlatho? Achimwene, inenso ndine wa ku Ndirande. Mukayeza bwanji pa sikelo ya munthu wogula?"

Waseka mpaka wakhala pa teyala la ndege.

Pamenepo m'pamene zandibwerera. Januwale yemweyu ndinapita kwa a Zitsulo ndi geti yakutha imene tinanyamula amuna awiri tikubuula, sikelo yawo n'kunena makilo 20. Ndinawatukwana msewu wonse ukumva. Ine ndemwe! Ndirande yense amadziwa kuti sikelo ija imadya makilo. Ndimadziwa Lolemba, ndimadziwa Lachisanu. Kungoti sabata ino imanena zimene ndimafuna kumva.

A Kaputeni awerengera pafoni mwakachetechete. Akuti ngati 15 wa kumeneko ndi 24 ndi theka wa kuno, ndiye kuti 9 wa Lolemba anali 14 ndi kakuti.

Ya Lolemba ija inali yokhoza. Ndinali nditapambana Lolemba masana.

Tayesabe pakakhomo ka katundu, poti ndakakamira. Lalowa teyala lakutsogolo ndi belu. Katoni ija siinafote.

Ndapempha sabata imodzi. Akuti ulendo wa madokotala ndi Lachiwiri, ndipo abwereka kanjinga kwa mnzawo wa ku Lilongwe. Za ntchito ya m'shedi, anena mwaulemu wonse: "Kuwotcherera kwanu n'kwabwino, amisiri, izi sizingathyoke zaka 100. Koma kuno timafuna munthu woti akauzidwa kuti asaonjezere, asaonjezere."

Ndisanatuluke ndagogoda phiko la ndege ndi chala. Lopyapyala ngati chitini cha sopo wa mbale! Ine moyo wanga wonse ndapanga zinthu zoti wakuba alephere kunyamula. Awa amapanga zoti mphepo inyamule.

Pobwerera, mayi wina pa mphambano ya ku Machinjiri wandiimika ndi thumba la makala, akuyesa ndine wakabaza. Ndamunyamula, iye ndi thumba lake. Njinga siinadandaule ngakhale pang'ono. Chitsiru cha njinga!

Lamulungu, 20 Julayi

Ku tchalitchi sindinapite. Nyimbo zonse za kumeneko ndi zouluka.

Mwezi watsala ndi masiku 11, koma sindikunamizanso munthu. Geti yoti ndikonze palibe. Ndinalonjeza pamaso pa ankhoswe, ndipo ine ndi zonse zanga sindinabwezepo mawu. Makatani apindidwa, ali m'chikwama chija Che Jafali anasokera njinga. Akwanamo bwino.

Amalume ayamba kundilankhula, akuyang'ana mpapaya. "Kwathu dera lonse kulibe wowotcherera ngakhale mmodzi." Mtima wanga wadumpha. "Poti magetsi sanafike."

Masana ndapeza mayi a Tiya pakhonde akuyesa thumba la chimanga pa kaliyala. Lakhala ngati linabadwira pamenepo. Mbali zonse ndendende, ngakhale chala osalowa. Akulimanga ndi lamba, akuimba kanyimbo.

Ndaima. Ndakumbukira Lachiwiri, ndi thumba lopanda kanthu lija.

Ndawafunsa ngati amadziwa za sikelo ya a Zitsulo.

"Bambo a Tiya, zidutswa zanu zotsala amakagulitsa kumeneko ndani zaka zonsezi?"

Nanga osandiuza bwanji?

"Che Jafali anakuuzani. A Kaputeni anakuuzani. Ine ndikanakhala wachitatu." Akoka lamba, amanga mfundo. "Komanso kwathu chigayo chili kutali."

Ndafuna kukalipa. Ndatsegula pakamwa. Koma ndaona manja awo, mmene asweka ndi kuchapa zovala za anthu ena chigwetsereni shedi ija, ine ndili pakhonde kudikira geti. Ndatseka pakamwa. Ndawathandiza kukoka lamba.

Cha m'ma 3 koloko kandege koyera kadutsa pamwamba pa phiri. Ndinati sindiyang'ana. Ndayang'ana mpaka kalowa mumtambo.

Zoti zidziwike, poti kope likutha:
1. Njinga inapinda. Mboni zilipo, amalume ndi amayi a tomato.
2. Inalowa mundege. Teyala limodzi, koma inalowa. Wina mu Ndirande muno anene ngati yake inafikako.
3. Ku Phalombe ndikupita ndekha, palibe wandithamangitsa.

Hinjesi za geti zija ndaziwotcherera zonse, magetsi asanazime. Kumene tikupita kulibe choipindira.

Kenako ndatulutsa khasu kuseri kwa chitseko, ndalichotsa mu nyuzipepala, ndatsika nalo kumunsi kwa mlatho. A Zitsulo adabwa. "Bigi, mukugulitsa latsopanolo?" Ndati ayi, mungondiyezera.

Theka la kilo.

Ndawathokoza. Limeneli ndilitha.